Pulogalamu ikuyenda ku production koma ikufa ku DR ndi 0C1, thandizeni

Wa ku Kawale:
Akuluakulu mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Ndimagwira ntchito ndili pakhomo konkuno ku Kawale. Kampani yomwe inandilemba imasamalira mainframe, kompyuta yaikulu ya IBM ija, ya kasitomala wina wa ku Johannesburg, ndipo ine ndili m'gulu la usiku. Loweruka tinali ndi mayeso a DR (disaster recovery), paja timayerekeza kuti malo aakulu apsa, ndiye timadzutsa zonse kumalo achiwiri. IPL, komwe ndi kuyatsa system, inayenda bwino, database ya Db2 inadzuka, CICS yoyendetsa ma transaction inadzuka, mpaka tinayamba kuyamikirana. Titangotsegula batch, ntchito zija zoyenda zokha usiku, ma job 7 anafa motsatizana, onse ndi uthenga umodzi: CEE3201S, operation exception, 0C1. Ma job omwewa ku production amayenda usiku uliwonse popanda chovuta. Load library, momwe mumakhala mapulogalamu okonzeka kuyenda, ndi yomweyo, imakoperedwa yokha ndi mirror ya madisiki, palibe munthu anaikhudza. z/OS, operating system ya makinawa, ndi 2.5 mbali zonse ziwiri. PARMLIB, momwe mumakhala ma setting a system, ndaifananiza mzere ndi mzere mpaka maso kuyabwa. Lachinayi ndikufunika kupereka lipoti ndipo chomwe ndili nacho ndi ma dump okha. Ine anandiphunzitsa kuti pa mainframe pulogalamu ya zaka 40 imayenda osaigwira. Nanga ya chaka chino ikukana bwanji?

Mayi wa ku 25:
Achimwene, z/OS tamva. Tiuzeni za chitsulo chenichenicho. Ku production kuli makina anji, ku DR kuli makina anji?

Wa ku Kawale:
Ku production ndi z16. Ku DR ndi z14, akuti ndi yomwe inali ku production kale, anaisamutsira kumeneko atagula yatsopano.

Mayi wa ku 25:
Ndiye mapulogalamu 7 amenewo ndi COBOL yomwe yachitidwa compile posachedwa? Ngati ndi choncho tsegulani listing ya imodzi, pamasamba oyamba pomwe compiler imandandalika ma option omwe yagwiritsa ntchito. Mufufuze mawu oti ARCH, mutiuze nambala yomwe ili pambali pake.

Wa ku Kawale:
Dikirani pang'ono, magetsi angozima kuno, ndisamukire pa batire.

Wa ku Kawale:
Ndabwerera. Ndi Enterprise COBOL 6.4, ndipo ARCH yake ndi 14. Ndaonanso ina iwiri, nayo ndi 14.

Mayi wa ku 25:
Basi, ndi pomwepo. ARCH ndi njira youzira compiler kuti makina otsikitsitsa omwe pulogalamuyi idzayendepo ndi ati. 14 ndi z16, 13 ndi z15, 12 ndi z14. Munthu amene anaika 14 anapatsa compiler chilolezo chogwiritsa ntchito malamulo (ma instruction) omwe z16 imawadziwa koma z14 sinawamvepo. Makina akalandira lamulo lomwe mulibe m'mutu mwawo sangaganizire, amangoima, ndipo kuimako ndi 0C1 imene mwaonayo. PARMLIB isiyeni, ilibe mlandu.

Mdala wa ku 47:
Amayi anena zoona ndipo ine ndingowonjezerapo, chifukwa mnyamatayu wafunsa funso labwino kumapeto kuja ndipo sindikufuna lipite osayankhidwa.

Mphwanga, chomwe anakuphunzitsa si bodza, koma anakupatsa theka. Lonjezo la IBM limayang'ana mbali imodzi: chakale chidzayenda pa chatsopano. Sananenepo kuti chatsopano chidzayenda pa chakale. Lonjezoli linayamba pa 7 April 1964 pomwe analengeza System/360. Isanafike nthawi imeneyo, kampani yomwe inali ndi kompyuta ya IBM 1401 ikafuna makina aakulu inkayenera kulembanso mapulogalamu ake, chifukwa banja lililonse la makina linali ndi chiyankhulo chake. Gene Amdahl ndi Fred Brooks ndi anzawo anapanga banja limodzi, laling'ono mpaka lalikulu, lomvana malamulo. Kuchokera apo System/370 mu 1970, System/390 mu 1990, z900 mu 2000, mpaka z16 yako ya 2022, mwana aliyense amamva chiyankhulo cha makolo ake onse, nkuwonjezerapo mawu ake atsopano. Agogo ndi omwe samva mawu a mdzukulu. z14 yako ndi agogo.

Uone mmene anasungira lonjezoli pa nkhani ya memory. Poyamba adilesi inali ya ma bit 24, kutanthauza 16 MB basi. Pofika MVS/XA anaikweza kufika ma bit 31, 2 GB. Ukudabwa kuti bwanji 31 osati 32? Bit yapamwamba ija inali kale pa ntchito, olemba mapulogalamu ankaikapo chizindikiro chosonyeza kuti mndandanda wa ma parameter wathera apa, ndipo anaisiya kuti izisonyezanso ngati pulogalamu ikuyenda mwa 24 kapena mwa 31. Analolera kutaya theka la malo kusiyana ndi kuphwanya mapulogalamu a makasitomala. Mpaka lero pa z/OS ya ma bit 64 tikunenabe kuti pansi pa mzere wa 16 MB uja, pamwamba pa mzere, ndipo AMODE ndi RMODE ukuziona mu listing yako ndi zipsera za ulendo umenewo. Ine ndinagwira ntchito imeneyi zaka zambiri ku Joni ndisanabwerere kumudzi, ndipo module ya assembler yomwe ndinaipeza ndikuyamba ntchito ndinaisiya ikuyendabe ndikupuma.

Tsono chondidetsa nkhawa pa nkhani yako si ma job 7 omwe afa. Ndi omwe sanafe. Compiler siika lamulo latsopano paliponse, imaika pomwe yaona kuti lithandiza, makamaka pa masamu a packed decimal, manambala aja opanikizidwa awiri mu byte imodzi. Pulogalamu ikhoza kukhala ndi lamulo la z16 mkati mwa gawo lomwe limayenda kumapeto kwa mwezi kokha, kapena kumapeto kwa chaka. Loweruka gawo limenelo silinapondedwe, ndiye inadutsa. Tsiku la ngozi yeniyeni likadzagwa pa 31, mudzaiona. Mu lipoti lako usalembe kuti mapulogalamu 7 ali ndi vuto. Ulembe kuti pulogalamu iliyonse yomwe inachitidwa compile ndi ARCH yoposa 12 siyodalirika ku DR, nkupempha mndandanda wake wonse.

Wa ku Kawale:
Madala, zikomo kwambiri. Apa ndiye ndaona pomwe ndinasochera, ndinkafufuza kusiyana kwa software pomwe kusiyana kuli pa chitsulo. Koma kukonza kwake ndi kotani? Tiwauze agule z16 ina?

Mayi wa ku 25:
Imeneyo ndi nkhani ya mabwana ndi matumba awo. Zomwe zili m'manja mwanu ndi ziwiri. Achitenso compile ndi ARCH ya 12, ndipo compiler ikonzedwe pamalo pomwe pamakhala ma default ake kuti 12 ikhale yokhomedwa, wolemba pulogalamu asathe kuisintha mu JCL yake, chiyankhulo choyendetsera ma job. Zimatheka, ma option ambiri mukhoza kuwakhoma. Lamulo ndi loti ARCH itsate makina akale kwambiri pa onse omwe pulogalamu ingafikeko, ndipo DR imawerengedwa.

Ndikukhulupirira amene anaika 14 sanachite mwano. Anamva kuti ARCH yapamwamba imachepetsa CPU, ndipo ndi zoona, pa mainframe CPU ndi ndalama. Kungoti palibe anamuuza za makina ali kumalo ena omwe sanawaonepo.

Wa Linux wa ku Biwi:
Pepani kulowerera, koma ndifunse moona mtima. Zonsezi si umboni woti nthawi ya makinawa inatha? Kampani imodzi ndiyo ikupanga chitsulo, operating system, compiler, database, ndipo mukulipira zonse m'madola. Ife kuno dola kuti uione uyenera kupemphera. Ine ndikaika pulogalamu mu container imayenda pa laputopu yanga, pa seva ya ku City Centre, pa cloud, chimodzimodzi. Achinyamata athu tiziwalimbikitsa kuphunzira zinthu za 1964 zoona?

Mdala wa ku 47:
Za madola sinditsutsa ngakhale pang'ono. Kampani yaing'ono ya kuno ikandifunsa ngati igule mainframe ndidzaiuza kuti ayi, ndalamazo ikagule jenereta yabwino ndi kulemba anthu odziwa ntchito. Makinawa ndi a mabanki akuluakulu, makampani a inshuwalansi, a ndege, maboma, omwe ali ndi mapulogalamu a zaka makumi ambiri ndi ma transaction osawerengeka. Koma pa za container, taganiza bwino. Tenga image yomwe wamanga pa laputopu ya Intel ukaiike pa foni kapena pa seva ya ARM, iyenda? Vuto la mnyamata wa ku Kawale ndi lomwelo, malamulo a chitsulo china pa chitsulo china.

Wa Linux wa ku Biwi:
Pamenepo mwandigwira madala, image imamangidwa pa architecture iliyonse payokha. Ndipo ndivomereze, kwathu kuno kusunga zakale sitikutha. Python 2 itasiya kusamalidwa mu January 2020 ndinatha miyezi ndikulembanso ma script omwe analibe ngakhale zaka 10. Koma mfundo yanga ya kudalira kampani imodzi ikadalipo.

Mdala wa ku 47:
Ikadalipo ndithu, ndipo ndi mfundo yolemera. Ungodziwa kuti Linux yakoyo imayendanso pa makina omwewa kuyambira cha m'ma 2000, amaitcha s390x. Ukadzaikumana usamale, ndi big-endian, ma byte a nambala amasanjidwa mosiyana ndi pa Intel.

Mayi wa ku 25:
Ndibwerere kwa achimwene a ku Kawale, chifukwa ngati kasitomala wanu akusamutsa mapulogalamu kupita ku COBOL 6, ARCH ndi kamwana. 0C1 ndi vuto laulemu, limafuula, job imafa, aliyense amadziwa. Lilipo lina losafuula ndipo ndinalionapo ndi maso anga.

Tinkachotsa mapulogalamu pa COBOL 4.2, paja IBM inasiya kuisamalira mu April 2022. Source sitinasinthe ngakhale chilembo, tinangochita compile ndi yatsopano. Poyesa, lipoti lina la mwezi linatuluka ndi mizere yocheperapo kusiyana ndi lakale. Palibe abend, job sinafe, return code 0, zonse zooneka bwino. Tinakhala masiku atatu. Tsiku lachitatu ndinatsegula fayilo yolowa mu ISPF, pomwe timaonera ndi kukonza mafayilo, ndinalemba HEX ON kuti ndione ma byte enieniwo, ndinapita pa field ina ya nambala, PIC 9 ya malo asanu. M'malo moona F0 F0 F0 F0 F0, omwe ndi ma ziro, ndinaona 40 40 40 40 40. Ma space. Fayiloyo inkachokera ku system ina yomwe ikakhala ilibe nambala imangosiya malo opanda kanthu, ndipo zinakhala choncho kwa zaka.

Mu pulogalamu munali mzere wofunsa ngati field imeneyo ili ziro. Compiler yakale inkayamba yasandutsa field kukhala packed, ndipo posandutsa imataya theka lakumanzere la byte iliyonse. 40 ndi F0 zikataya theka lakumanzere zonse zimatsala 0, ndiye space inkadutsa ngati ziro. Compiler yatsopano, pofuna liwiro, inangofananiza ma byte mmene alili, ndipo 40 si F0. Yankho linasintha, marekodi ena anatenga njira ina.

Ndiye olakwa ndani? Compiler yatsopano sinalakwe, buku la COBOL limanena kuti mu field ya nambala muzikhala nambala. Deta ndi yomwe inali yoipa kuyambira kale, compiler yakale inkangoibisira. IBM imanena poyera kuti pulogalamu yolondola yokhala ndi deta yolondola idzapereka yankho lomwelo. Mawu oti yolondola ndi omwe anthu amawadumpha.

Chomwe tinachita: tinachita compile kawiri. Koyamba ndi NUMCHECK yoyatsa, option yofufuza ngati mu field ya nambala mulidi nambala, yongolemba uthenga osapha job, nkuyendetsa deta yeniyeni ya mwezi wathunthu kuti tione paliponse pomwe pakulowa zinyalala. INITCHECK inatisonyeza ma field omwe akugwiritsidwa ntchito asanapatsidwe kanthu. Pomwe tinatha kukonza gwero la deta tinakonza. Pomwe gwero linali la anthu ena tinagwiritsa ntchito INVDATA, yomwe kale inali ZONEDATA, kuti compiler ichite monga yakale. Kenako compile yachiwiri yopanda zoyesera zija ndi yomwe inapita ku production.

Muonenso ma load library. COBOL 5 ndi 6 zimafuna library ya mtundu watsopano wa PDSE, PDS yakale ija sizilowamo. Ndipo ngati pali mapulogalamu a OS/VS COBOL omwe atsala, sangayendere limodzi ndi a COBOL 6 mu run unit imodzi.

Wa ku Kawale:
Amayi, izi ndazikopera zonse. Sindikudziwa ngati gulu la ma developer linayatsa NUMCHECK poyesa, ndikafunsa mawa. Ife a system nthawi zambiri timangolandira ma module atatha kale.

Mayi wa ku 25:
Mpata umenewo ndi womwe mavuto amalowera. Iwo sadziwa makina anu, inu simudziwa ma option awo. Mukhale nawo pansi, ngakhale pa foni.

Wa malipiro wa ku Kanengo:
Ine si wa mainframe, koma COBOL ndimakhala nayo tsiku lililonse pa system yakale ya malipiro ndi ma invoice, ndipo nkhani ya amayi yandikumbutsa yathu. Ife sitinasinthe compiler, sitinasinthe makina. Inasintha ndi kwacha. Field ya ndalama inalembedwa kalekale ngati manambala 7 ndi awiri a tambala, kutanthauza kuti malire ndi K9,999,999.99. Nthawi imeneyo wolembayo ankaona ngati ndalama zimenezo palibe invoice ingafikeko. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera ndipo invoice ina inadutsa 10 miliyoni. COBOL ukachita MOVE nambala yaikulu kupita mu field yaing'ono imadula manambala akumanzere mwakachetechete. 12 miliyoni inatuluka ngati 2 miliyoni. Mwayi ndi woti mayi wa ku akaunti anaiona pepala lisanatuluke pa geti.

Kukulitsa field sikunali kophweka. Copybook imodzi, fayilo yofotokoza kasanjidwe ka rekodi, inkagwiritsidwa ntchito ndi mapulogalamu ambiri, rekodi ili ndi utali wokhazikika, ndiye ukawonjezera manambala awiri zonse zakumanja zimasuntha. Tinayenera kusandutsa mafayilo onse akale ndi kuchitanso compile chilichonse chokhudza copybook imeneyo usiku umodzi. Pulogalamu imodzi ikatsala ndi copybook yakale, imawerenga tsiku pomwe pali ndalama.

Mtsikana wa ku Likuni:
Ine ndikungophunzira kumene, ndili chaka chomaliza, koma ndikutsatira. Funso langa ndi la zilembo. Ndinawerenga kuti mainframe sigwiritsa ntchito ASCII. Ndiye mayina athu amalowa bwanji, monga okhala ndi ŵ?

Mdala wa ku 47:
Mwanawe wafunsa chinthu chomwe chinandipweteketsapo mutu. z/OS kwawo ndi EBCDIC, njira ya IBM yosungira zilembo, ndipo ma code page ofala monga 037 ndi 1047 ali ndi zilembo za ku Ulaya wa kumadzulo koma ŵ mulibe. Fayilo ikachokera kuno mu UTF-8, ŵ imakhala ma byte awiri, C5 B5. Ukaisandutsa moyenera kupita ku 037, pamalo pa ŵ pamabwera chizindikiro cholowa m'malo, 3F, dzina lawonongeka koma rekodi ili bwino. Ukaisandutsa mosasamala, ngati kuti byte iliyonse ndi chilembo, ŵ imakhala zilembo ziwiri zachilendo ndipo zonse zakumanja zimasuntha ndi malo amodzi. Kakoma kam'mwamba ka mu ng' nakonso, kakalembedwa mu Word kamapindika, ndipo kopindikako si komwe EBCDIC imakadziwa. Db2 imatha kusunga Unicode bwinobwino ndipo COBOL ili ndi njira zake zogwirira Unicode, koma mafayilo akale a batch sanamangidwe choncho.

Chinanso uchisunge: mu EBCDIC zilembo zimabwera patsogolo pa manambala posanja, mu ASCII manambala ndi omwe amayamba. Fayilo yosanjidwa bwino mbali ino ikawoloka imakhala yosasanjidwa. Ndipo fayilo yokhala ndi COMP-3, packed decimal ija, usadzaitumize ngati text, idzasandutsidwa pomwe si zilembo, ndalama zonse zidzakhala phala.

Mtsikana wa ku Likuni:
Zikomo agogo. Nanga munthu wopanda ntchito ngati ine angazigwire kuti zimenezi? Laputopu yanga ndi yofooka ndipo bandulo imandivuta.

Wa Linux wa ku Biwi:
Apa ndingathandize ngakhale ndimatsutsa. Pali Hercules, emulator yaulere yomwe imayerekeza makinawa pa kompyuta wamba. Pamwamba pake umaika MVS 3.8j, gogo wa z/OS, anthu anaikonza kale m'mapaketi otchedwa TK4- ndi TK5. Siifuna laputopu yamphamvu ndipo ukaitsitsa kamodzi intaneti siifunikanso. z/OS yeniyeni usaiike pa Hercules, laisensi yake silola.

Mayi wa ku 25:
Ndipo z/OS yeniyeni ukaipeza pa IBM Z Xplore, ndi yaulere, amakupatsa akaunti ndi ntchito zoti uchite pang'onopang'ono. Skirini ya mainframe, ya 3270, ndi zilembo zokhazokha, sidya bandulo ngati vidiyo. Uyambe ndi JCL ndi ISPF, osathamangira COBOL. Ukakanirira pena ubwere pano ufunse, atsikana pa ntchito imeneyi ndife ochepa ndipo ndikufuna tichuluke.

Mdala wa ku 47:
Ukayamba JCL udzakumana ndi kapulogalamu kotchedwa IEFBR14. Ntchito yake ndi kusachita kalikonse, kamangolowa nkutuluka kuti JCL ipange kapena ifufute dataset. Poyamba kanali ndi lamulo limodzi lokha, lobwerera, koma kanapezeka ndi vuto: sikankaika ziro mu register 15, ndiye return code inkatuluka yachisawawa. Anakawonjezera lamulo lachiwiri. Ndimauza achinyamata nkhaniyi kuti asadzanene kuti kusintha uku nkochepa, sikufunika kuyesa.

Wa ku Kawale:
Madala, popeza muli pompano ndifunsenso china. Pa mapulani a kasitomala pali kusamuka kuchoka pa z/OS 2.5 kupita pa 3.1. Zomwe zachitika Loweruka zandiopsa. Tikuyenera kuyang'ana chiyani kuti zisatichitikirenso?

Mdala wa ku 47:
Kuopa kumeneko nkwabwino, usakutaye.

Yamba ndi chitsulo, monga amayi anakuyambitsira. z/OS 3.1 inatuluka mu September 2023 ndipo makina otsikitsitsa omwe imalola ndi z14. Ndiye DR yanu ikukwanira, koma ili pa mzere womaliza, palibe mpata pansi pake. Mabwana adziwe zimenezo lero, asadzadabwe ulendo wotsatira.

Kenako mawu atatu omwe IBM imawatchula limodzi: coexistence, fallback ndi upgrade. z/OS imatuluka pa zaka ziwiri zilizonse ndipo amalola ma release atatu otsatizana kukhalira limodzi, ndiye 3.1 imamvana ndi 2.5 ndi 2.4. Koma kumvanako sikubwera kokha. Ma LPAR anu, magawo a makina omwe lililonse limayendetsa system yakeyake, amagawana zinthu: ma catalog, database ya RACF yosamalira chitetezo, checkpoint ndi spool ya JES2 yoyendetsa ma job. System yatsopano ikadzuka imalemba m'zinthu zimenezo mwa kachitidwe kake. Yakale iyenera kukhala itaphunzitsidwa kale kuwerenga zomwe yatsopano yalemba, ndipo kuphunzitsako ndi ma PTF, zigamba za IBM, a coexistence. Amaikidwa pa system yakale, yatsopano isanachite IPL ngakhale kamodzi. Anthu ambiri maso awo amakhala pa yatsopano nkuiwala kuti ntchito yoyamba ili pa yakale. Ngakhale mukanakhala ndi LPAR imodzi yokha mukanawafunabe, chifukwa tsiku lobwerera m'mbuyo 2.5 idzapeza 3.1 itapondamo kale.

Kuwapeza kwake sikovuta masiku ano. Uchite RECEIVE ya HOLDDATA yatsopano, machenjezo a IBM okhudza ma PTF, mu SMP/E, chida choikira ma PTF, kenako REPORT MISSINGFIX ndi FIXCAT ya coexistence ya 3.1. Ikupatsa mndandanda wa zomwe zikusowa. APPLY CHECK kaye, uwerenge ma HOLD onse ndi maso ako, makamaka a ACTION, osangowadumpha ndi BYPASS. ACCEPT usaithamangire, chifukwa RESTORE imakubwezera pa zomwe zinachitidwa ACCEPT komaliza, ukafulumira wadzitsekera khomo. Ndipo SYSRES, disiki yomwe system imadzukirapo, yomwe ikuyenda siikhudzidwa. Umakonza ina pambali, nkuchita IPL kuchokera pa imeneyo, yakale ili chikhalire kudikira.

Buku lakale la migration linalowedwa m'malo ndi workflow ya mu z/OSMF, chida choyang'anira z/OS kudzera pa browser, ndipo kuika 3.1 kumadutsanso mu z/OSMF. Ngati kwanuko z/OSMF ili chigonere, idzutseni tsopano muizolowere. Mufunsenso ngati pali JES3, mnzake wa JES2, paliponse, chifukwa 2.5 ndi release yomaliza yomwe IBM inaikamo JES3.

Chomwe chinkandigwetsa ine kawirikawiri si za IBM, ndi za makampani ena: scheduler, zosamalira matepi, zoyang'anira chitetezo, ndi ma exit omwe munthu wina analemba mu assembler nkupuma ntchito osasiya pepala. Zimenezi zimagwira mkati mwa control block, ndipo lonjezo la 1964 limateteza pulogalamu yodutsa pa khomo lovomerezeka, osati yolowera pa zenera. Lemberani kampani iliyonse, ikuuzeni version yomwe ikugwira pa 3.1. Ma USERMOD anu, zomwe munasintha nokha mu system, muwawerenge limodzi limodzi.

Wa malipiro wa ku Kanengo:
Ndipo makiyi a laisensi. Ena amamangidwa pa serial ya makina, ukasamukira kumalo ena amakana kapena amakupatsa masiku ochepa.

Mdala wa ku 47:
Eya, ku DR zimenezo zimachitika kwambiri. Mphwanga uziikenso mu lipoti.

Mayi wa ku 25:
Pa Db2 nzeru ndi yomweyo koma mayina ndi ena. Kuyambira Db2 12 zatsopano zimabwera ndi ma function level. Kuti mupite ku Db2 13 muyenera kukhala mutayatsa kale function level 510 pa 12. Mukafika pa 13 mumayamba muli pa level 100, pomwe kubwerera kukadali kotheka. Mukangoyatsa 500 khomo lobwerera ku 12 latsekeka. Ndiye musalole munthu akukakamizeni kuyatsa sabata yoyamba. Dikirani kutha kwa mwezi kudutse, batch yonse yaikulu iyende. APPLCOMPAT imathandiza kuti package iliyonse isunge khalidwe la SQL lomwe inazolowera mpaka eni ake atayesa.

Wa Linux wa ku Biwi:
Kunena zoona, dongosolo lobwerera m'mbuyo limeneli ndalisirira. Sabata yamawa ndikukweza PostgreSQL pa seva ya kuntchito ndipo pulani yanga yobwerera inali backup yomwe sindinaiyesepo kubwezeretsa. Ndiyesa kaye Loweruka.

Wa ku Kawale:
Akuluakulu ndabweranso, lero Lachitatu. Ndinalankhula ndi mtsogoleri wa ma developer. ARCH ya 14 inaikidwa mu procedure ya compile miyezi inayi yapitayo pofuna kuchepetsa CPU, ndipo mayeso a DR am'mbuyomo anachitika izi zisanalowe, nchifukwa chake palibe anadziwa. Mapulogalamu omwe adutsa mu procedure imeneyo ndi ochuluka kuposa 7 aja, monga madala ananenera, ndipo awiri mwa iwo ndi a kumapeto kwa mwezi. Tinatenga imodzi mwa zomwe zinafa, tinaichita compile ndi 12, tinaiyendetsa pa LPAR yoyesera ya ku DR, yatha ndi return code 0. Agwirizana zokhoma 12 mu ma default.

Za NUMCHECK yankho silinandisangalatse. Anayatsa pa mapulogalamu a CICS okha, a batch anangofananiza ma total a kumapeto. Ndawauza nkhani ya ma space ija ndipo mtsogoleriyo anakhala chete kanthawi, kenako anati tikambirane Lachisanu.

Amayi, pa msonkhano umenewo ndipemphe kuti ayendetse deta ya masiku angati?

Mayi wa ku 25:
Mwezi wathunthu, ndipo mukhale kutha kwa mwezi mkati mwake. Ngati ali ndi mafayilo a kutha kwa chaka chatha awatulutse pa tepi ayendetsenso amenewo. Ma total okha asawadalire, marekodi awiri olakwika mbali zosiyana amatha kufafanizana total nkuoneka yabwino. Afananize mafayilo otuluka rekodi ndi rekodi, akale ndi atsopano, SuperC yofananizira mafayilo ilipo kale mu ISPF. Ndipo muwafunse mafayilo omwe amachokera kunja kwa mainframe ndi ati, muyambire amenewo.

Mtsikana wa ku Likuni:
Ine TK5 yadzuka usiku wathawu. Job yanga yoyamba yakana ndi JCL ERROR, ikuoneka ngati mzere wanga wina watalika kwambiri.

Mdala wa ku 47:
Werenga malo. Mawu a JCL amathera pa 71, chifukwa khadi la kale linali ndi malo 80 ndipo akumapeto anali a manambala a makadi. Dula mzerewo pambuyo pa comma, wotsatira uyambe ndi // ndi space, mawu ake ayambe pakati pa malo 4 ndi 16. Utumizenso, utiuze zomwe yanena.